Khoma ndi la eni: mmene ochita lendi ku Kabwe amakongoletsera nyumba

Mwezi ukamatha, m'misewu ya ku Bwacha, Ngungu, Chimanimani ndi Katondo mumadutsa timalole ta Canter titalemedwa ndi katundu wa mabanja osamuka. Pansi pamakhala bedi lomasula ndi masofa, pamwamba matiresi omangidwa ndi malegeni, m'mbali kabati yofunditsidwa bulangete kuti magalasi asasweke, ndipo pakona pamakhala mwana atafukata chitini cha maluwa. Amene thumba silikuwalola amasamuka ndi wilibala, makamaka kukada kuti aneba asawerenge katundu. Chilichonse chimene chinkakometsa nyumba imene akutulukamoyo chili pamenepo. Kumbuyo kwatsala makoma okhaokha, ndipo eninyumba ayamba kale kuwayendera ndi chala, kuwerenga mabowo a misomali kuti adziwe ndalama za dipoziti zimene sabweza.

Wochita lendi aliyense, kaya ku Ndirande, ku Mbare kapena ku Hillbrow, amalidziwa vutoli. Amafuna kuti mlendo akalowa aone kuti muno mukukhala munthu wodzisamala, koma khoma, denga, chitseko ndi simenti ya pansi ndi za wina. Ku Kabwe kuli vuto linanso limene matauni enawo alibe. Fumbi la m'madera ozungulira mgodi wakale lili ndi mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana. Choncho chokongoletsera nyumba kuno chimafunsidwa mafunso awiri chisanalowe pakhomo: kodi chidzanyamulika tsiku losamuka, nanga kodi chimachapika?

Kugona m'nyumba ya eni si kwachilendo m'tauni ino, chifukwa inayamba choncho. Mu 1902 katswiri wa za migodi, T. G. Davey, anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalopa n'kupatcha dzina loti Broken Hill, potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Amuna anayamba kukhamukira kuno kuchokera m'midzi ya Alenje ndi Alala, kwa Abemba kumpoto, ku Fort Jameson kumene lero ndi ku Chipata, ngakhalenso ku Nyasaland, ndipo ankagona m'makomboni a mgodi, a njanji ndi a boma la tauni. Nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito: ntchito ikatha, pogona napo patha. Antchito ena okhalitsa ankapatsidwa malo a maekala 5 oti amangepo ndi kulimapo, komabe nthakayo inali ya kampani.

Mu 1939 ndi 1940, Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anachita kafukufuku pakati pa anthu akuda a ku Broken Hill. Anapeza kuti ndalama zoposa theka la malipiro awo zinkathera pa zovala ndi nsalu, komanso kuti ambiri ankasungitsa mabokosi kusitolo, n'kumaponyamo katundu wabwino pang'onopang'ono mpaka tsiku lopita kumudzi. Wina angati kunali kukonda kutchena chabe. Koma munthu amene sangamange, amene sangabzale mango n'kudzadya zipatso zake, amaika chuma ndi ulemu wake pa chimene chingalowe m'bokosi. Nzeru imeneyo sinachoke m'tauni muno.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Mgodi unatsekedwa mu 1994, ndipo kuyambira mu 1996 boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo ndi za makampani a boma kwa anthu amene ankakhalamo, zambiri pa mitengo yotsika zedi. Anthu amene anali atachotsedwa ntchito anapezeka ali ndi nyumba koma alibe malipiro. Ena anachititsa lendi nyumba yaikulu iwo n'kusamukira m'kanyumba ka kuseri, ena anamanga midadada ya zipinda m'mbali mwa mpanda. Izi n'zofunika kuzidziwa pokambirana ndi landilodi wa ku Kabwe. Nthawi zambiri si munthu wolemera wa nyumba khumi. Ndi mayi wamasiye kapena bambo wopuma pantchito amene nyumbayo ndiyo penshoni yake yonse, ndipo pulasitala akagumuka, wogula thumba la simenti ndi iyeyo. Ukali wake pa nkhani ya misomali umachokera pamenepo.

Ofuna nyumba nawo sasowa. Kabwe ndi likulu la chigawo cha Central, kotero ogwira ntchito m'boma amabwera ndi kupita malinga ndi makalata a transifa. Kuli likulu la Zambia Railways, misasa ya asilikali ya Chindwin ndi Kohima, ndende ya Mukobeko, komanso ophunzira a pa Kwame Nkrumah University ndi Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008. Ambiri mwa anthu amenewa amadziwa kuti akhala zaka ziwiri kapena zitatu basi.

Lamulo la lendi la dziko la Zambia, Rent Act, ndi la 1972, ndipo ochita lendi ambiri m'makomboni sanalionepo n'komwe. Pangano lawo limakhala la pakamwa, umboni wake n'kabuku ka malisiti kapena uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama yatumizidwa. Komabe pali mfundo ina yakale, yochokera ku malamulo a ku England amene Zambia ndi Malawi anatengera, imene ndi bwino kuidziwa: chinthu chimene chamangiriridwa ku nyumba mokhazikika chimasanduka mbali ya nyumbayo. Matailosi oika ndi simenti, siling'i, sinki, chitseko chachitsulo chowotcherera ku felemu, zonsezi n'zovuta kuzichotsa posamuka popanda kukokanakokana. Malamulowo amalola wa lendi kuchotsa zokongoletsa zina ngati kuteroko sikuwononga nyumba, koma ndani angakwere basi kupita kukhoti chifukwa cha shelefu?

N'chifukwa chake chida chachikulu cha munthu wa lendi ndi nsalu.

Chipinda cha pa mdadada chimakhala cha mamita 3 kapena 4 mbali zonse, ndipo mmenemo muyenera kukwana pogona, pabalaza ndi posungira ziwiya. Mayi wodziwa ntchito yake amayamba wayang'ana m'mwamba. Ngati mulibe siling'i, mitengo ya denga ili poyera, ndipo palibe landilodi amene amadandaula ndi chingwe chomangidwa pa phaso. Amakoka waya kuchokera pa mtengo umodzi kukafika pa mabagala a zenera, n'kuukunga kwambiri kuti usalendewere pakati. Telala amalumikiza zitenje ziwiri n'kusoka mpendero waukulu pamwamba, waya n'kulowa mumpenderomo. Basi, chipinda chimodzi chasanduka ziwiri. Kuseri kuli bedi, masutikesi ndi dengu la zovala. Kuno kuli mipando iwiri, katebulo koyalidwa nsalu yoluka, ndi ndowa za madzi zovundikira bwino zitandandalikidwa pakona kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono. Apongozi akabwera amakhala pabalaza osaona pogona pa ana awo, ndipo ulemu wasungika popanda njerwa ngakhale imodzi. Loweruka nsaluyo imasololedwa, kuchapidwa, pofika madzulo yabwerera pamalo pake.

Kabwe ali ndi mbiri yakeyake pa nsalu. Fakitale ya Mulungushi Textiles, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kuyamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inkaomba ndi kudinda zitenje mpaka inaima mu 2007, ndipo pambuyo pake nkhani yoitsegulanso inkamveka kawirikawiri. Zitenje zambiri zimene zili m'misika zimachokera kunja, kudzera ku Kamwala ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kapena ku Nakonde kumalire ndi Tanzania. Pa salaula, pogulitsira zovala za kaunjika, pamapezekanso makatani, zoyala pabedi ndi nsalu za patebulo. Apa wogula asamatengeke ndi kulemera kwa nsalu. Makatani okhuthala aja, osokedwera nyumba za ku Ulaya zolimbana ndi chisanu, amaoneka achifumu ndithu, koma amamwa fumbi, amathyola msana pochapa, ndipo nthawi ya mvula amatha masiku asanaume. Nsalu yathonje yopepuka imene ingachapidwe sabata iliyonse ndiyo yoyenera tauni ino.

Chitenje chimagwiranso ntchito ya chithunzi. Kalipentala akapanga felemu ya timatabwa topepuka, nsalu n'kuikunga pamenepo ndi timisomali ta nsapato kumbuyo, chimatuluka chinthu chachikulu chokongola chimene chingatsamire pakhoma pamwamba pa kabati popanda kukhoma kalikonse. Anthu ambiri amabisira pamenepo mng'alu kapena banga la chinyontho. Kubisa mng'alu n'kwabwino, koma banga la chinyontho ndi bwino kuyamba waonetsa eninyumba, chifukwa kuseri kwa nsalu nkhungu imakula mwakachetechete, ndipo tsiku losamuka mlandu umagwera wa lendi.

Nkhani ya misomali ndiyo imadanitsa anthu kwambiri. Nyumba zambiri zatsopano ndi za mabuloko a simenti, ndipo msomali wamba sulowa: umapindika, woukhomayo n'kusunthira pambali pang'ono, kuyesanso, mpaka chithunzi chimodzi chaukwati chasiya mabowo anayi ndi chigamba cha pulasitala chogumuka. Msomali wa konkire umalowa, koma pouzula umatuluka ndi khoma lomwe. Amene anapsapo amachita mwanjira ina. Amapempha chilolezo cha mabowo awiri okha, oboola bwino ndi makina, n'kumangirirapo thabwa limodzi lalitali lopakidwa vanishi. Pa thabwalo akhoza kukhoma misomali makumi awiri ngati akufuna: wotchi, kalendala ya kumpingo, chithunzi cha mwana atavala gauni ya digiri, galasi, makiyi. Posamuka thabwa limamasulidwa, mabowo awiri aja n'kutsekedwa. Nyumba zakale za ku England zinkamangidwa ndi kathabwa kotere kozungulira chipinda chonse m'mwamba, kopachikapo zithunzi, kuti khoma lisamabooledwe, kotero si nzeru yachilendo kwa amisiri.

Za m'sitolo zomata pakhoma zimafuna kusamala. Prestik, phala lomatira lija la kampani ya Bostik limene aliyense analidziwira kusukulu, amagwira mapepala opepuka koma akakhalitsa amasiya banga la mafuta. Tizokowera tomata, monga ta Command ta kampani ya 3M, tinapangidwira makoma osalala a penti yolimba. Pa khoma la laimu kapena la pulasitala wokhakhala timagwa usiku pamodzi ndi chimene tanyamula. Choopsa kuposa zonse ndi mapepala ofewa omata aja ooneka ngati njerwa zoyera, amene adzaza m'masitolo ndi pa Facebook. Sabata yoyamba chipinda chimaoneka ngati hotela. Pakatha chaka m'mphepete mwake mwada, mphemvu zapezamo pogona, ndipo powamatula amachoka ndi penti, kusiya zomatira zimene sizichoka ndi madzi. Amene wamata zimenezi khoma lonse la eni, dipoziti yake aiwale. Ngati mtima wakana kuzisiya, ndi bwino kuzimata pa bolodi lopyapyala n'kuliimika kumbuyo kwa TV.

Zopachika pa thabwa lija siziyenera kuchokera kutali. Malichero atatu osiyana kukula amadzaza khoma bwino kuposa maluwa apulasitiki. Madengu afulati a Atonga a kuchigwa cha Zambezi ndi a makenge a kuchigawo cha Western amagulitsidwa m'masitolo apamwamba ku Cape Town ndi ku London kuti azipachikidwa pakhoma, pamene kuno ena amawaona ngati zinthu zakumudzi. Ndipo m'nyumba ya munthu wa ku Kabwe weniweni simulephera kupezeka kena kake ka Kabwe Warriors, kapena chithunzi cha Godfrey Chitalu, amene akuti anagoletsa zigoli 107 m'chaka cha 1972, nthawi imene ankasewerera timu imeneyi.

Pa mipando, funso loyamba ndi kukula kwa chitseko. Sofa imene inalowa mosavuta m'nyumba ya ku Highridge ikhoza kukakanika pa khomo la mdadada, ndipo pamapeto pake imagona pakhonde mpaka mvula kuiwononga. Ochita lendi ozolowera amauza kalipentala kuti bedi, shelefu ndi wadirobu azimange ndi mabawuti osati misomali ndi guluu, kuti zizimasuka. Amapewanso matabwa opangidwa ndi utuchi wopanikiza, amene amafufuma akakhudza madzi okolopera ndipo sapirira kusamuka kachiwiri. Matabwa a mukwa ndi okwera mtengo ndiponso olemera, koma amafika kwa zidzukulu. Owotcherera zitsulo m'misika, ngati wa ku Kasanda, amapanga mashelefu oima okha a mapoto ndi mbale, ndi choimikapo beseni, zimene zimasandutsa ngodya ya chipinda kukhala khitchini. Kabati ya magalasi ija, yodzaza makapu amene sagwiritsidwa ntchito kufikira abusa atabwera, achinyamata amaiseka. Komatu ndi khoma loyenda: imagawa chipinda, imaonetsa zabwino za banja, ndipo imaziteteza ku fumbi.

Fumbi limenelo ndilo limasiyanitsa Kabwe ndi matauni ena, ndipo nkhani yake imaonekera kwambiri pansi.

Mgodi unagwira ntchito zaka pafupifupi 90, ndipo unasiya milu ya zinyalala za miyala yolemera matani mamiliyoni angapo, kuphatikizapo mulu umene anthu amautcha Black Mountain. Utsi wa ng'anjo zosungunulira ndi mphepo zinamwaza mtovu m'nthaka ya makomboni oyandikana nawo. Mphepo ya kuno imaomba kwambiri kuchokera kum'mawa, choncho Kasanda ndi Makululu, amene ali chakumadzulo kwa mgodi, analandira fumbi lochuluka, ndipo Chowa ndi Mutwe wa Nsofu nawo ali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 ndi John Yabe wa pa University of Zambia pamodzi ndi anzake a pa Hokkaido University ku Japan anapeza kuti pafupifupi mwana aliyense amene anayezedwa ku Kasanda, Makululu ndi Chowa anali ndi mtovu m'magazi woposa mamaikurogiramu 5 pa desilita, mlingo umene azaumoyo amayambira kuda nkhawa, ndipo ambiri anapitirira pamenepo kangapo konse. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wosavulaza. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la nkhaniyi mu 2019, ndipo mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, kusumira kampani ya Anglo American South Africa, imene imakana mlanduwo.

Mtovu umalowa m'thupi makamaka kudzera pakamwa ndi pamphuno. Mwana wokwawa amagwira pansi, n'kuika zala mkamwa, kambirimbiri pa tsiku. Ndiye chifukwa chake kapeti yaubweya yoyala chipinda chonse, imene kwina ndi chizindikiro choti zinthu zikuyenda, ku Kasanda ndi msampha. Imasunga fumbi lililonse lobwera ndi nsapato ndi mphepo ya mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo tsache limangoliulutsa kuti ligwerenso pomwepo. Malangizo amene azaumoyo amapereka m'maderawa ndi osavuta kumva: kukolopa ndi madzi m'malo mosesa pouma, kupukuta mipando ndi mawindo ndi nsalu yonyowa, kuvula nsapato pakhomo, kusambitsa ana m'manja asanadye, ndi kutsuka zidole zawo.

Apa mwambo wakale umapambana zatsopano. Simenti yosalala yopakidwa Cobra wofiira, yopukutidwa mpaka kuwala, ndiyo pansi posavuta kusamala kuposa pena paliponse, ndipo palibe landilodi amene anakwiyapo ndi polishi. Pamene simenti ndi yokumbika, kapeti yapulasitiki yogula pa mita imathandiza: imayalidwa popanda guluu, imakolopeka, ndipo posamuka imakulungidwa. Pamafunika kutseka maenje ndi simenti pang'ono isanayalidwe, apo ayi miyendo ya mipando imaiboola, komanso kuitukula nthawi ndi nthawi chifukwa madzi akalowa pansi pake amanunkhitsa nyumba. Mphasa ndi mikeka n'zabwino pokhalira, bola zizitulutsidwa, kutsukidwa ndi kuyanikidwa pa chingwe osati pa dothi, ndipo pansi pake pazikolopedwa. Kachiguduli konyowa pakhomo, kopondapo munthu asanalowe, kamagwira ntchito yaikulu kuposa mtengo wake.

Penti nayo ili ndi zake. M'maiko ambiri a mu Africa, kuyeza kwapeza mtovu wochuluka mu penti zina za mafuta, makamaka zachikasu ndi zofiira, ndipo mlingo umene mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi wosapitirira magawo 90 pa miliyoni. M'nyumba zakale za mgodi ndi za njanji, zitseko ndi mafelemu a mawindo apakidwa penti pamwamba pa penti kwa zaka zambiri. Kupala zimenezo pouma ndi sandipepala, ana ali pomwepo, n'kuwonjezera vuto pa vuto. Chimodzimodzinso madenga a asibesitosi amene ali pa nyumba zambiri zakale: asabooledwe kapena kuchekedwa pofuna kupachika kanthu, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Maluwa a m'zitini ndi chuma china cha wa lendi. Zigubu zodula pakati, ndowa zobooka ndi matayala akale, zikapakidwa utoto umodzi n'kundandalikidwa pakhonde, zimasintha nkhope ya nyumba tsiku limodzi. Koma dothi lake lisakumbidwe kuseri kwa nyumba ngati nyumbayo ili m'madera okhudzidwa aja. Amene amalima repu, chibwabwa kapena anyezi m'matumba afunika dothi lochokera kutali ndi mgodi, losakaniza ndi manyowa, ndipo masambawo azitsukidwa bwino asanaphikidwe. Timbale toika pansi pa zitini tisamasunge madzi, udzudzu ungapezepo poswanirana.

Za magetsi n'zachidule: mawaya a m'khoma asakhudzidwe. Chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi a Zesco ankazima maola oposa 17 pa tsiku, chinadzaza misika ndi mababu otchaja ndi nyali za sola, ndipo zonsezi zimanyamulika. Babu la eninyumba lisungidwe m'kabati kuti lidzabwezeredwe. Chipinda chamdima chimawala ndi galasi lalikulu loimika moyang'anana ndi zenera.

Pali zinthu zina zimene nsalu ndi zitini sizingakonze: khoma lakuda ndi utsi wa mbaula ya amene anatuluka, zenera lopanda mabagala, loko wakufa. Apa mpofunika kukambirana, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Wa lendi wochenjera safika ndi madandaulo. Amapita ndi mtengo wa penti ndi wa mmisiri atalemba kale, n'kunena mwaulemu kuti, “Amayi, ndimati ndipake penti pabalazapa, mtundu musankhe ndinu, ndiye tizichotsera pang'onopang'ono pa lendi.” Eninyumba ambiri amavomera, chifukwa nyumba ndi yawo ndipo ikukongola ndi ndalama imene sanaitulutse m'thumba nthawi imodzi. Chofunika n'chakuti mfundoyo ilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope kapena pa WhatsApp: ndalama zingati, zichotsedwa miyezi ingati, ndipo chinthucho chidzatsala kapena chidzatengedwa. Ndi bwinonso kulemba kuti lendi siikwera kwa nthawi yakutiyakuti. Dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa ochita lendi ndi lakuti munthu akangokonza nyumba, landilodi amaona kuti tsopano ikuyenera mtengo wina, kapena amakumbukira mwadzidzidzi kuti mwana wake akukwatira ndipo akufuna pokhala. Popanda pepala, wokonzayo walemba m'madzi.

Foni imathandizanso tsiku lolowa. Kujambula mng'alu uliwonse, galasi losweka, mpope wodontha ndi nambala ya pa mita, n'kutumiza zithunzizo kwa eninyumba tsiku lomwelo, kumatseka mikangano yambiri ya tsiku lotuluka. Potuluka, mabowo atsekedwe ndi Polyfilla kapena simenti yoyera, n'kupakapo penti yotsala imene inasungidwa m'kabotolo. Ena amatseka ndi mankhwala otsukira mano kapena sopo, koma eninyumba a masiku ano anachitapo lendi nawonso, ndipo amadziwa kukanda ndi chikhadabo.

Chilipo chinthu chimodzi chimene wa lendi ku Kabwe angachite bwino kusiyira eni ngakhale sadzachinyamula, ndicho kapinga. Bwalo losesedwa mpaka kuyera, limene kumudzi ndi ulemu wa mayi wapakhomo, kuno ndi gwero la fumbi limene ana amaseweramo. Cha m'ma 2015 bungwe la Pure Earth, mogwirizana ndi Environment Africa ndi khonsolo ya Kabwe, linakonza mabwalo a nyumba zina ku Chowa pokwirira nthaka yoipa ndi dothi labwino, ndipo ntchito ina yothandizidwa ndi World Bank, imene inavomerezedwa mu 2016, inaphatikizapo kuyeza ndi kupereka mankhwala kwa ana komanso kukonza malo ena. Ntchito zimenezi sizinafike pakhomo lililonse. Banja limene lili ndi ana aang'ono silingadikire: kubzala kapinga pamene ana amasewera, kapena kuyala njerwa ndi miyala yochokera kumalo abwino popanda simenti, kumachepetsa fumbi lolowa m'nyumba. Miyala isachokere ku milu ya kumgodi, ngakhale ikhale yotchipa chotani.

Eninyumba sakanakana kapinga. Mkangano umabwera pa madzi. Pa mdadada pamene mabanja asanu amagawana mpope umodzi ndi bilu imodzi ya kampani ya madzi ya Lukanga, wothirira udzu mu Seputembala amayang'anidwa ndi diso lofiira. Amene zinawayendera amabzala mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kuti udzu ugwire wokha, ndipo chilimwe chikafika amathirira ndi madzi otsukuluzira zovala ndi osambitsira ana, amene akanatayidwa pabwalo pomwepo.